Sikani ya mu leba: mmene imathandizira kudziwa ngati mayi achire yekha kapena apite ku fiyeta

Mayi akatha maola ambiri mu leba osachira, pakhonde pamene pamakhala magadiyani pamazungulira funso limodzi: kodi achira yekha, kapena apita ku fiyeta? Ine monga mzamba ndafunsidwa funsoli kosawerengeka, pena ndi anakubala atagwira chitenje kukamwa, pena ndi bambo amene wangotsika kumene pa kabaza kuchokera ku esiteti ya tiyi, nsapato zili matope okhaokha. Kale yankho linkachokera m'zala zathu ndi pa pepala lolondolera matenda lotchedwa partograph basi. Masiku ano m'zipatala zina muli chothandizira china, makina ounikira aja timangoti sikani, amene tsopano amagwiranso ntchito mayi ali pa matenda, osati kusikelo kokha.

Ndalembera amayi oyembekezera a kuno ku Mulanje ndi anansi athu a ku Thyolo, pamodzi ndi amene adzawadikirire, kuti tsiku limenelo mukadzaona makinawo akukankhidwira pabedi panu musadzachite mantha, ndipo mudzadziwe zofunsa. Ndineneretu pano kuti sikani sigamula mlandu. Imaonetsa pamene pafika mutu wa mwana ndi kumene wayang'ana. Kugamula ndi kwa azamba ndi adokotala amene akhala akukuonani kuyambira pamene munalowa, ndipo inunso muli ndi mawu.

Choyamba: konzekerani matenda asanayambe

Sikani ya mu leba imathandiza kwambiri ngati ya kusikelo inachitika. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2016, linati mayi aliyense woyembekezera aunikidwe kamodzi mimba isanakwane masabata 24. Pamenepo m'pamene timadziwa bwino msinkhu wa mimba ndiponso ngati muli mapasa. Zimene apeza zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala, ndipo bukulo likhale m'chikwama chimodzi ndi zitenje ndi beseni, osati m'sutikesi yokiyidwa kunyumba.

Kenako sankhani kochirira. Zipatala zazing'ono za kumidzi zimachiritsa amayi bwinobwino, koma zambiri zilibe fiyeta. Ngati munachitidwapo opareshoni, ngati muli ndi mapasa, ngati mwana wakhala chopingasa kapena watsogoza matako, ngati magazi anu amathamanga, kapena ndinu wamng'ono zaka ndipo mimbayi ndi yoyamba, pitani kuchidikiro cha chipatala chachikulu masiku akayandikira: chipatala cha boma ku Mulanje kapena ku Thyolo, Mulanje Mission, kapena Malamulo ku Makwasa. Amene tinaona mmene namondwe wa Freddy anadulira misewu ndi milatho mu Malichi 2023 sitifunikanso kuuzidwa kuti nyengo ya mvula mtsinje ukhoza kukutsekerani tsidya lina usiku umodzi. Sikani yonena kuti mufunika opareshoni ilibe phindu ngati pakati pa inu ndi fiyeta pali Ruo kapena Thuchila atasefukira.

Ndipo chonde, za mwanamphepo zisiyeni. Mankhwala amenewa amaumitsa mimba mopitirira muyeso, mwana amabanika, chiberekero chimatha kung'ambika. Ngati mwamwa kale, tiuzeni mukangofika. Sititukwana. Tikufuna tidziwe chimene tikulimbana nacho.

Chachiwiri: lolani azamba akuyezeni ndi manja kaye

Sikani sibwera poyamba. Mukalowa mu leba, mzamba amagwira mimba kuti amve kuti mutu watsala kunja wochuluka bwanji pamwamba pa chinena, amamvetsera mtima wa mwana, umene uyenera kugunda pakati pa 110 ndi 160 pa mphindi, ndipo amayeza njira ndi zala pafupifupi maola 4 aliwonse. Khomo la chiberekero liyenera kutseguka mpaka masentimita 10. Likafika pa 5 ndiye kuti matenda agwiradi, ndipo kuchokera pamenepo mayi wa mimba yoyamba kawirikawiri sapitirira maola 12 njira isanatseguke yonse, wobereka kale maola 10. Zonsezi zimalembedwa pa partograph, ndipo pepala limenelo ndilo limayamba kutichenjeza kuti zinthu zikuchedwa.

Nanga sikani ya chiyani ngati zala zilipo? Mutu wa mwana si mwala. Mafupa ake sanalumikizane, ndipo ukapanikizika nthawi yaitali amakwerana, khungu la pamutu n'kutupa. Chotupacho chimatha kutsika mpaka kuoneka pakhomo, fupa lenileni la mutu likadali m'mwamba. Zala zimapapasa liwombo ndi mizere ya mafupa kuti zidziwe kumene mwana wayang'ana, koma pakatupa, liwombo limabisala. Bungwe la akatswiri a sikani pa za uchembere la ISUOG, m'malangizo ake a 2018, linanena kuti kuyeza ndi zala kumaphonya kumene mutu wayang'ana kuyambira ka 20 mpaka ka 70 mwa maulendo 100 aliwonse. Ku Ireland mu 2014 anayerekeza amayi amene ankafunika kuthandizidwa ndi zida pochira: oyezedwa ndi zala zokha, pafupifupi 20 mwa 100 anaphonyedwa, koma amene anaunikidwanso ndi sikani, ophonyedwa sanakwane n'komwe awiri mwa 100. Ndinanyinyirika nditamva zimenezi koyamba, poti zala zanga ndimazikhulupirira. Koma ndaona ndekha mwana akutuluka atayang'ana kumwamba ine nditalemba kuti wayang'ana pansi.

Chachitatu: dziwani nthawi imene sikani imafunikadi

Si mayi aliyense wa mu leba amene ayenera kuunikidwa. Imafunika njira ikasiya kutseguka ngakhale mimba ikuwawa mokwanira, mayi akakankha nthawi yaitali mutu osatsika, adokotala akamaganiza zokoka mwana ndi vakyumu (kakapu kamene kamamatira pamutu pa mwana kuti amukokere kunja), ndiponso pamene manja sakutsimikiza ngati chatsogola ndi mutu kapena matako. Mayi amene akutaya magazi amaunikidwa kuti tione ngati nsengwa yatseka njira, ndipo ameneyu sayezedwa ndi zala mpaka zimenezo zitadziwika.

Ngati matenda akuyenda bwino, musakakamize. Ku France mu 2015 anaunika amayi amene analibe vuto lililonse, ndipo zotsatira zake zinali zakuti ochitidwa opareshoni anachuluka, popanda phindu looneka kwa ana. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ana ambiri amene pakati pa matenda amakhala atayang'ana kolakwika amatembenuka okha asanatuluke. Ukawaona msanga pa makina, mtima umathamanga, mpeni n'kubwera nthawi yake isanakwane.

Chachinayi: kukonzekera kuunikidwa

Kodzani kaye. Chikhodzodzo chodzaza chimatchinga mutu kutsika ndipo chimasokoneza chithunzi. Mukalephera kukodza nokha, mzamba alowetsa kapaipi kakang'ono kuti mkodzo utuluke. Mugona chagada, msana utatsamira, mawondo atapindidwa. Katani itsekedwe ndipo chitenje chikufundeni. Woyezayo akuuzeni chimene akufuna kuchita musanavule, ndipo ngati ndi bambo, muli ndi ufulu wopempha kuti mzamba wamkazi aime pambali panu. Makinawa amagwira ntchito ndi mafunde a phokoso limene khutu silimva, si X-ray, ndipo sapweteka mwana. Ena ndi aakulu a matayala, ena ndi kachida kogwira m'manja kolumikizidwa ku foni kapena tabuleti, kamene kamagwirabe ntchito magetsi atazima.

Chachisanu: kuunika pamimba, kuti tione kumene mwana wayang'ana

Amapaka mafuta oterera, ozizirira pang'ono, n'kuika kachidako pamwamba pa chinena. Amayamba ndi mtima wa mwana. Kenako amafufuza msana wake ndi nkhongo. Mwana wogona bwino amatsogoza nkhongo kutsogolo kwa mayi, nkhope itayang'ana kumsana, chibwano chitagunda pachifuwa chake. Akatero, mbali yopapatiza ya mutu ndiyo imalowa m'chiuno, ngati mmene munthu amaweramitsira mutu povala juzi yothina.

Pa sikirini pakaoneka timabowo tiwiri takuda tayang'ana kumwamba, amenewo ndi maso, ndipo ndiye kuti nkhongo ili kumsana kwa mayi. Amayi otere amadandaula msana kuposa mimba, ndipo amafuna kukankha njira isanatseguke yonse. Mzere wa pakati pa ubongo ukaoneka utagona mopingasa, ndiye kuti mwana wayang'ana chammbali. Zonse ziwirizi zimatalikitsa matenda ndipo zimawonjezera mwayi wa vakyumu kapena opareshoni, koma pazokha si chifukwa chothamangira ku fiyeta. Funso lalikulu ndi lotsatirali.

Chachisanu ndi chimodzi: kuunika pansi, kuti tione pamene mutu wafika

Apa m'pamene amayi ambiri amachita manyazi, ndiye ndifotokoze bwinobwino. Kachidako amakaveka gulovu yoyera, amapaka mafuta, n'kukakhazika kunja, pakhomo pa njira ya mwana. Sikalowa m'kati. Amayi ambiri amati n'kosawawa poyerekeza ndi kuyeza ndi zala, ndipo kumatenga mphindi zochepa. Pali miyezo iwiri.

Woyamba ndi ngodya. Pa sikirini pamaoneka fupa la chinena, looneka ngati kanyemba kotalika, ndi fupa la mutu wa mwana likuwala ngati uta. Woyezayo amajambula mzere motsata fupa la chinenalo, n'kujambulanso wina kuchokera kunsonga yake ya m'munsi kukakhudza m'mphepete mwa mutu. Mpata wa pakati pa mizere iwiriyi ndiyo ngodya, imene m'buku amailemba AoP. Kuti mumvetse, pindani chigongono ngati mwanyamula mwana pamkono: amenewo ndi madigiri 90. Wongolani pang'ono, mwafika cha pa 120. Mkono wowongoka ndi 180. Mutu ukamatsika, ngodyayo imakula. Cha pa madigiri 116 ndiye kuti mbali yaikulu ya mutu yalowa m'chiuno. Mayi amene njira yatseguka yonse ndipo wakankha nthawi yaitali, ngodya ikakhala 120 kapena kuposa, mwayi woti achira popanda opareshoni ndi waukulu. Ngodya ikakakamira pansi pa 110 matenda atatalika kale, timayamba kukonzekera njira ina.

Wachiwiri ndi mtunda. Kachidako amakatembenuza, amakanikiza pang'ono, n'kuyeza kuchokera pakhungu la mayi kukafika pa fupa la mutu. Umenewu amaulemba HPD. Apa nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Cha pa mamilimita 36 mutu walowa m'chiuno. Pa mamilimita 40 kapena kucheperapo, mayi amene matenda ake achedwa amakhala ndi mwayi wabwino wochira yekha. Kupitirira 40, mutu ukadali kutali, ndipo kukoka ndi vakyumu kumakhala kovuta. Ubwino wa muyezo umenewu ndi wakuti makina amaona fupa, sanamizidwa ndi chotupa chija.

Woyeza wodziwa ntchito sayeza kamodzi kokha. Amadikira mimba iume, n'kunena kuti, "Mayi, kankhani," akuyang'ana pa sikirini. Mutu umene ukusuntha pokankha, n'kumaloza m'mwamba kutsata njira, umapereka chiyembekezo ngakhale nambala isanakome. Mutu umene wangoti nji, osasuntha ngakhale mayi atakankha mpaka misempha ya m'khosi kutuluka, umatiuza zambiri kuposa nambala. Ndipo ngati mayi ndi mwana ali bwino, kuyezanso pakapita ola limodzi kumaonetsa ngati ulendo ukupitirira kapena waima.

Chachisanu ndi chiwiri: funsani, ndipo mumve zimene sikani singanene

Makina sanena mphamvu zimene mayi watsala nazo. Sanena ngati mimba ikuuma mokwanira, zimenezo mzamba amawerenga ndi dzanja ndi wotchi. Sanena motsimikiza kuti chiuno n'chaching'ono. Kulemera kwa mwana amangoyerekeza, ndipo amatha kuphonya ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kutanthauza kuti mwana amene apeza kuti ndi makilogalamu 3.5 akhoza kukhala wa 3.2 kapena 3.8. Komanso manambala ndatchula aja ndi a mwayi chabe. Alipo amayi amene ngodya yawo inali yaing'ono koma anachira okha, aliponso amene inali yaikulu koma mtima wa mwana unafooka, n'kupita ku fiyeta.

Ndiye inu kapena gadiyani wanu mufunse mwaulemu koma mosaopa. Mwana wayang'ana kuti? Mutu watsika poyerekeza ndi poyamba paja? Mtima wake ukugunda bwanji, nanga madzi a nsupa ndi oyera kapena obiriwira? Ngati tidikira, tidikira mpaka nthawi yanji, ndipo adzandiyezanso ndani? Funso lomalizali ndimalikonda kwambiri, chifukwa kudikira kopanda nthawi yoikika n'kumene kumapweteketsa amayi.

Chachisanu ndi chitatu: kusankha njira

Njira zimakhala zitatu. Ngati mayi ndi mwana ali bwino ndipo mutu ukusuntha, timadikira: mayi amwe madzi kapena phala lamadzimadzi, ayende kapena agone chammbali, ndipo ngati mimba ikuuma mofooka koma palibe chotchinga, adokotala akhoza kuika mankhwala a oxytocin mu dilipi. Ngati njira yatseguka yonse, mutu uli pansi ndipo tikudziwa kumene wayang'ana, vakyumu imathandiza, ndipo apa sikani imasonyeza malo oyenera kuikapo kakapu kake. Ngati mutu uli m'mwamba, sukusuntha, mafupa akwerana kwambiri, njira ndi opareshoni, ndipo ichitike msanga.

Usiku wina tinali ndi mtsikana wa mimba yoyamba, wochokera mbali za ku Muloza, amene anakankha pafupifupi maola awiri. Tsitsi la mwana linkaoneka pakhomo mimba ikauma. Agogo ake, amene ankamudikirira, anasuzumira n'kuona tsitsilo, ndiye atamva za fiyeta anakana kwamtuwagalu. "Anamwino, mutu ndauona ndi maso angawa. Mdzukulu wanga mukufuna kumudulirenji?" Adokotala anawaitana pafupi ndi makina. "Agogo, bwerani muone. Chimene mwaona chija ndi chotupa. Fupa la mutu ndi ili, likadali kuno. Timabowo tiwiriti ndi maso, mwanayu wayang'ana kumwamba." Anauza mtsikanayo kuti akankhe, tonse tikuyang'ana, uta woyera uja osasuntha. Agogo aja anakhala chete kanthawi, kenako anagwira phazi la mdzukulu wawo n'kunena kuti, "Pita mwanangu, ndili pompano." Mwana anatuluka ali moyo, mutu utatalika ngati papaya, ndipo patapita masiku ochepa unabwerera m'malo mwake.

Zimachitikanso mosiyana. Mayi wina wa ana atatu anatopa mpaka kumachonderera kuti, "Ingondipangani opareshoni, ndatha ine." Sikani inaonetsa mutu uli pansi penipeni, nkhongo kutsogolo. Tinamutembenuzira sikirini kuti aone yekha mutu ukuyenda akakankha. Anapeza mphamvu, ndipo theka la ola lisanathe mwana anali pachifuwa pake. Opareshoni imene ikanachitika pamenepo ikanakhala yovuta, poti kutulutsa mutu umene walowa kale pansi kumang'amba chiberekero mosavuta, ndipo ikanamusiyira chipsera cha mimba zonse zotsatira.

Ngati ndinu wamkulu ndipo muli ndi nzeru zanu, wosainira pepala la opareshoni ndinu mwini. Si bwino kuti ola lathunthu lithe anthu akuimbira foni amalume kapena bambo amene ali ku Joni, mwana akubanika m'mimba. Nkhani imeneyi kambiranani pabanja mimba ikadali ya miyezi 7. Ndiponso kuchedwa kuchira si mapinga. Ndamvapo mayi akuumirizidwa kuti aulule amuna amene anayenda nawo, pamene vuto linali mutu wogona chammbali. Mutu ukapanikiza chikhodzodzo pa fupa kwa nthawi yaitali, mnofu umafa, ndipo mayi amatsala akungotuluka mkodzo osaleka, matenda aja a fistula. Kuulula sikutembenuza mutu wa mwana.

Pali nthawi zina zimene sitidikira n'komwe miyezo imeneyi: mchombo ukatsogola nsupa itasweka, magazi akamatuluka ambiri, mayi akakomoka kapena kugwa ngati wakhunyu, mtima wa mwana ukatsika osabwerera, dzanja likatulukira, kapena mayi wa chipsera akamva ululu wosalekeza pachipserapo. Gadiyani akaona chimodzi mwa zimenezi afuule, asachite ulemu wogogoda. Ndipo ngati muli ku chipatala chaching'ono, mzamba akanena kuti partograph yadutsa mzere wochenjeza kuti matenda achedwa ndipo akuitana ambulansi, kwerani. Musati tidikire kaye kuche, kapena tipeze kaye kotiunika.

Mukachira, musanatuluke

Pemphani kuti m'buku lanu alembe chifukwa chenicheni cha opareshoni kapena vakyumu, kumene mwana anayang'ana, kulemera kwake, ndi manambala a sikani ngati anayeza. Mawu akuti "anachedwa kuchira" okha sakwanira. Mayi amene anachitidwa opareshoni kamodzi chifukwa mwana anagona molakwika akhoza kuloledwa kuyesa kuchira yekha mimba yotsatira, koma m'chipatala chokhala ndi fiyeta basi, ndipo mzamba wa tsiku limenelo adzadalira zimene zalembedwa lero. Amene wachitidwa kawiri, tsiku la opareshoni yotsatira limakonzedweratu kusikelo. Sankhani njira yolera musanapite kunyumba kuti chipsera chipume zaka ziwiri, ndipo mimba ina ikadzabwera, mudzayambe sikelo m'miyezi itatu yoyambirira, buku lakale lija lili m'manja.